Mwana Wobusa Ng'ombe ndi Sukulu za Ziweto

Anzathu alimi, phunziro la ulendo uno layambira pa ng'ombe imene inafa.

Pa bwalo lina la sukulu ya akulu, chakufupi ndi Domue m'boma la Angónia, timakumana masana anthu akaweruka kumunda. Pali bambo wina wachikulire amene sajomba. Ngakhale mvula igwe, amabwera ndithu, kope lawo atalikulunga m'pepala la pulasitiki. Koma mwezi wa Febuluwale anasowa masiku atatu. Atabwera anakhala kumbuyo, kope osatsegula.

Tinawafunsa kuti, "Bambo, kwagwanji kunyumba?"

Iwo anapisa dzanja m'thumba la jekete, natulutsa kabotolo, nakaika pa benchi. "Aphunzitsi, tandiwerengereni ichi. Ng'ombe yanga yapangolo yapita dzana."

Tinasiya phunziro la tsikulo. Tinakawerenga kabotoloko kalasi yonse, chilembo ndi chilembo, pakuti mawu ake anali a Chipwitikizi. Tinapeza kuti anali mankhwala a njoka za m'mimba. Koma ng'ombe ija inali ndi thupi lotentha, inatupa kunsi kwa makutu ndi patsogolo pa phewa, inkatsokomola ndi kutuluka misozi. Tinapezanso liwu lakuti validade, ndiye kuti tsiku limene mphamvu ya mankhwala ithera. Tsikulo linali litapita kale chaka chathunthu. Amene anawagulitsa pa msika anangoti, "Kaibayeni, idzuka." Sanafunse kuti ikudwala chiyani. Sanafunse kuti ikulemera bwanji.

Tonse tikudziwa tanthauzo la ng'ombe yapangolo kuno kwathu. Ikafa imodzi, inzakeyo siingakoke yokha. Ngolo imakhala pansi. Manyowa safika kumunda. Mbatata ndi chimanga zimadikira ngolo ya eni, ndipo ngolo ya eni n'njolipira.

Koma nkhani sinathere pa botolo. Bambo aja anatiuza kuti mdzukulu wawo wa zaka 13, amene amabusa ng'ombezo, anali atanena kale masiku anayi m'mbuyomo. Anati, "Agogo, yakudayo yasiya kubzikula, ikutsalira m'mbuyo, ndipo m'makutu mwake mwadzaza nkhupakupa." Agogo ake sanasamale. Anati n'kutopa chabe. Mwanayo anasiya sukulu ali kalasi 3 chifukwa cha ng'ombe zomwezo.

Tsono anatifunsa funso limene latibweretsa pa tsamba lino. "Aphunzitsi, mwanayu ng'ombe akuzidziwa kuposa ine. Kodi kulibe sukulu ya zimenezi?"

Ife amene tikulemba tinalekezera ku pulayimale. Pa khomo la yunivesite sitinapondepo. Koma paja akulu anati safunsa anadya phula. Tinakwera njinga kupita ku Ulóngue. Tinakafunsa kwa alangizi a ziweto ndi kwa aphunzitsi a sekondale. Zimene tinamva tikuzibweretsa kwa inu nonse, pakuti mwana wotere sali m'mudzi umodzi wokha.

Yankho lake n'lakuti sukuluzo zilipo. Zili ngati makwerero okwerera pa nkhokwe. Wina amaima pa mtengo woyamba, wina wachiwiri, wina amafika pamwamba. Onsewo mudzi umawafuna.

Mtengo woyamba: wotemera nkhuku

Tiyambe ndi umene uli pafupi ndi ife, umene ngakhale wophunzira wa sukulu ya akulu angaufike.

Chitopa tonse timachidziwa. Chikalowa m'mudzi, nkhuku zimagwetsa mapiko ngati zavala jekete, zimatsekula zobiriwira, zina zimapinda khosi. Pakatha mlungu khola lili mbee. Mankhwala ochiza chitopa palibe. Tsabola, phulusa ndi makapisozi a anthu sizichiza chitopa, abale. Chimene chilipo ndi katemera, ndipo katemera amateteza nkhuku imene isanadwale.

Katemera amene amagwiritsidwa ntchito m'midzi yathu amatchedwa I-2. Amapangidwa m'dziko mwathu mommuno, ku Maputo. Safuna jakisoni. Ndi dontho limodzi m'diso limodzi la nkhuku, yaikulu kapena kamwanapiye, basi. Mphamvu yake imatha pakapita miyezi inayi. N'chifukwa chake katemera amachitika katatu pa chaka: Malichi, Julaye ndi Novembala.

Amene amagwira ntchito imeneyi ndi anthu a m'mudzi momwemo, osankhidwa ndi anzawo. Amaphunzitsidwa masiku owerengeka chabe. Amaphunzira kugwira nkhuku osaipweteka, kusunga kabotolo pozizira ndi pamthunzi, kukakulunga m'kansalu konyowa poyenda, ndiponso kusatemera nkhuku yodwala kale. Pakuti ukatemera yodwala, ikafa anthu adzati katemera ndiye waipha, ndipo ulendo wina adzakutsekera zitseko.

Koma taonani. Wotemera ayenera kulemba dzina la mwini nkhuku, chiwerengero cha nkhuku, tsiku, ndi ndalama zimene walandira. Ayenera kuwerenga tsiku la pa botolo. Wosadziwa kulemba sangaigwire bwino ntchitoyi, ngakhale akhale wokhulupirika chotani. Amayi, apa mwayi ndi wanu. Nkhuku zambiri pakhomo ndi zanu, ndipo amene amadziwa kuti thadzi liti likukhalira ndinu.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mayi ali ndi nkhuku 14. Atemera katatu pa chaka. Madontho onse ndi angati? 14 kuchulukitsa ndi 3, tipeza 42. Nanga ngati m'mudzi muli mabanja 30, banja lililonse nkhuku 10, wotemera akonzekere madontho angati pa ulendo umodzi? Lembani yankho m'kope.

Mtengo wachiwiri: tekiniko wa ziweto

Uyu ndi amene timamuona akubwera pa njinga yamoto nthawi ya katemera wa ng'ombe ndi agalu. Anthu amamutcha dokotala, koma iye ndi tekiniko, mlangizi wa ziweto. Anaphunzira ku sukulu za zaulimi zotchedwa Instituto Agrário. Zotere zilipo ku Chimoio, ku Boane, ku Chókwè ndi ku Ribáuè. Kuno kwathu ambiri amaidziwa sukulu ya zaulimi ya ku Fonte Boa, m'boma la Tsangano. Ku maphunziro a tekiniko amalowa amene atsiriza gawo loyamba la sekondale, ndipo amatha zaka zitatu.

Kumeneko saphunzira atangokhala pa benchi. Amadzuka m'mamawa kukasesa khola, kukama mkaka, kudula udzu. Amaphunzira kufula nkhunzi, kudula ziboda, kubaya jakisoni pamalo oyenera, kuthandiza ng'ombe imene ikulephera kubereka. Amaphunzira masiku: ng'ombe imakhala ndi bere miyezi 9, mbuzi miyezi 5, nkhumba miyezi itatu, milungu itatu ndi masiku atatu, ndipo nkhuku imaswa pa masiku 21. Zina mwa izi inu mumazidziwa kale. Kusiyana kwake n'kwakuti iye amazilemba, ndiye amadziwiratu tsiku loti akonze malo.

Amaphunziranso masamu a mankhwala. Apa ndi pamene ambiri a ife timalakwa. Mankhwala a ziweto amayendera kulemera kwa chiweto. Tiyerekeze kuti botolo lalembedwa kuti mililita 1 pa makilogalamu 10 aliwonse. Ng'ombe yolemera makilogalamu 300 ifuna mamililita 30. Ife chifukwa choumira timaibaya 10, n'kusunga otsalawo. Ng'ombe siichira, ndalama yapita, ndipo tizilombo timazolowera mankhwalawo. Sikelo ya ng'ombe m'mudzi mulibe, n'zoona. Koma tekiniko amayeza ndi chingwe cha manambala pozungulira chifuwa, nayerekeza kulemera kwake.

Mlangizi amene tinacheza naye tinamufotokozera za ng'ombe ya bambo aja. Anamvetsera, nati zizindikirozo zikufanana ndi matenda amene amabwera ndi nkhupakupa zofiirira zokonda m'makutu, matenda amene amavuta kwambiri kumapiri kuno nthawi ya dzinja. Koma anakana kulumbira. Anati popanda kutenga magazi kapena madzi a m'chotupacho n'kuwaona pa makina oonera tizilombo tosaoneka ndi maso, munthu sanganene motsimikiza. Ife tinadabwa. Wogulitsa wa pa msika, amene sanaione n'komwe ng'ombeyo, sanakaike. Wophunzira ndiye anakaika. Tinaona kuti chimenechinso amachiphunzira ku sukulu.

Anawonjeza kuti mwana uja akanamvedwa tsiku loyamba, mwina ng'ombeyo ikanapulumuka, pakuti matenda a nkhupakupa amafuna kuwafulumirira. Ndipo choposa kuchiza ndi kusambitsa ng'ombe ndi mankhwala ophera nkhupakupa, ku dibi kapena ndi mpope, mosadumphitsa, makamaka mvula ikamagwa.

Mtengo wapamwamba: yunivesite

Apa pali njira ziwiri, ndipo anthu amazisokoneza.

Njira yoyamba ndi ya dokotala weniweni wa zinyama, amene pa Chipwitikizi amati médico veterinário. Maphunziro ake ali ku Faculdade de Veterinária ya Universidade Eduardo Mondlane, ku Maputo. Kuchokera kuno ndi ulendo wa makilomita oposa 1,500. Wofuna kulowa ayenera kutsiriza kalasi 12, n'kulemba mayeso olowera a Biologia ndi Química, ndiye kuti phunziro la zamoyo ndi phunziro la kasakanizidwe ka zinthu. Akalowa amatha zaka zosachepera zisanu. Amaphunzira mafupa, mitsempha ndi ziwalo za ng'ombe, mbuzi, nkhumba, galu, nkhuku. Amaphunzira tizilombo, mankhwala, kung'amba ndi kusoka. Dokotala wa anthu amaphunzira thupi la mtundu umodzi, ndipo wodwala wake amanena pamene pakupweteka. Uyu odwala ake ndi amitundumitundu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene amalankhula.

Njira yachiwiri ndi ya kawetedwe. Uyu ntchito yake yaikulu si kuchiza ayi. Amaphunzira kadyetsedwe, kamangidwe ka makola, kasamalidwe ka msipu, kusankha nkhunzi ndi atonde abwino, kuchulukitsa mkaka, mazira ndi nyama. Maphunziro otere, otchedwa Engenharia Zootécnica, ali ku Instituto Superior Politécnico de Manica ndi ku Instituto Superior Politécnico de Gaza. Sukulu ziwirizi zinakhazikitsidwa mu 2005.

Ndipo pali china chimene ambiri timachidutsa pa msewu osachidziwa. Ku Ulóngue komweko kuli Faculdade de Ciências Agrárias, nthambi ya Universidade Zambeze. Yunivesite imeneyi inakhazikitsidwa mu 2007, likulu lake lili ku Beira. Ku Ulóngue amaphunzitsa Engenharia Agropecuária, ndiye kuti ulimi wa mbewu ndi ziweto pamodzi. Ana ochokera ku zigawo zakutali amabwera kudzaphunzira kuno, nachita lendi m'nyumba zathu, nadya mbatata yathu. Ife tikuti, nanga ana athu? Kodi iwo ntchito yawo ikhale yongowagulitsa makala ndi tomato pa geti?

M'boma lathu lomweli mulinso malo ofufuzira za ziweto otchedwa Estação Zootécnica de Angónia. Ng'ombe yathu yalinunda, yaing'ono thupi koma yopirira, m'mabuku a akatswiri ili ndi dzina lakelake, amaitcha Angone. Imawerengedwa pamodzi ndi Landim ndi Bovino de Tete ngati mitundu ya ng'ombe ya dziko lino. Nayonso mbuzi ya ku Tete, imene imadya masau ndi malambe ku chigwa, nyama yake n'njotchuka mpaka ku Maputo. Anthu amatenga madigiri polemba za ziweto zimene ana athu amayenda nazo tsiku ndi tsiku opanda nsapato.

Kukonda ziweto sikukwanira

Pano tinene mosabisa, kuopa kunamiza ana.

Ena amaganiza kuti ntchito imeneyi ndi yosisita ana a ng'ombe. Ayi ndithu. Muli ndowe, magazi, fungo. Muli kuponderezedwa ndi kukankhidwa. Muli kung'amba chiweto chakufa kuti uone chimene chachipha. Muli kudzutsidwa usiku.

Ndipo chovuta koposa si chiweto, koma mwini wake.

Tiyeni titenge chigodola cha nkhumba. Kuno ku Angónia matenda amenewa ndi akalekale. Mankhwala ochiza palibe. Sagwira anthu, koma nkhumba amazitha. Amayenda ndi nyama, ndi magazi, ndi zotsala za chakudya, ndi nsapato za munthu amene wachokera m'khola lodwala, ndiponso ndi nkhufi zobisala m'ming'alu ya makola. Nanga ife timatani nkhumba zikayamba kufa? Timathamangira kupha zotsalazo, n'kukagulitsa nyama pa msika kuti tipulumutseko kandalama. Nyama ija ikafika mudzi wina, madzi otsukira atayidwa pabwalo, nkhumba za kumeneko zanyambita. Tatha midzi iwiri. Tsono tekiniko ayenera kuima pamaso pa munthu wosauka, mwina malume ake enieni, n'kunena kuti, "Nyama iyi siituluka m'mudzi muno. Yakufayo tiikwirire mozama." Adzamutukwana. Adzamunena kuti wayamba kunyada chifukwa cha sukulu. Wofuna ntchito imeneyi akhale wolimba mtima.

Chimodzimodzi poyeza nyama. Mwaonapo nyama ya nkhumba yokhala ndi timatuza toyera tonga mpunga? Ndi ana a njoka ya m'mimba yaitali ija yonga lamba. Nkhumba imaitenga ikadya chimbudzi cha munthu kutchire. Munthu akadya nyama yotere yosapsa bwino, njokayo imakula m'mimba mwake. Ndipo mazira ake akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja kapena chakudya chosasamalika, angathe kukakhala mu ubongo n'kuyambitsa khunyu. Woyeza nyama akaikana nyama yotere, mwini wake amalira. Koma iye wateteza ana a mudzi wonse. Ife mbali yathu ndi iwiri: chimbudzi pakhomo lililonse, nkhumba m'khola.

Nachonso chiwewe. Amene amatemera agalu akuteteza anthu. Galu akaluma munthu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira ku chipatala tsiku lomwelo. Zizindikiro zikayamba kuoneka, munthu sachira. Mukuona tsopano kuti wophunzira za ziweto akugwiranso ntchito ya umoyo wa anthu.

Aliponso amene mtima wawo uli pa nyama zakutchire. Ku Gorongosa, m'chigawo cha Sofala, madokotala a zinyama amagoneka mkango ndi mankhwala kuti auchotse khwekhwe, ndipo amasamalira ngaka zolandidwa kwa ozembetsa. M'chigawo chathu cha Tete muli paki ya Mágoè, imene inakhazikitsidwa mu 2013 m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa. Njira yopita kumeneko imadzeranso pa khomo lomwelo, la Biologia.

Chifukwa chiyani ali ochepa?

Akuluakulu a m'kalasi anatifunsa kuti, ngati sukulu zilipo, bwanji mlangizi timamuona kamodzikamodzi? Funso labwino. Yankho lake lili m'mbiri yathu.

Yunivesite yoyamba m'dziko muno inakhazikitsidwa ndi atsamunda mu 1962, ndipo maphunziro a udokotala wa zinyama anali m'gulu la oyambirira. Koma amene ankalowamo ambiri anali ana a atsamunda omwewo. Mwana wa mlimi wakuda ankathera pa kugwira chingwe, mzungu akubaya. Pamene tinalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu oposa 90 mwa 100 aliwonse sankadziwa kuwerenga. Akatswiri ambiri achipwitikizi anachoka. Mu 1976 yunivesite ija inapatsidwa dzina la Eduardo Mondlane, ndipo mu 1978 dziko linayamba kampeni yoyamba yophunzitsa akulu kulemba ndi kuwerenga. Agogo athu ena anagwira pensulo koyamba chaka chimenecho.

Kenaka inadza nkhondo, mpaka mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Ife sitinaione, tinabadwa itatha. Koma makolo athu amatiuza mmene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ng'ombe zina atazisiya m'makola, zina zitalandidwa. Madibi anagumuka. Sukulu zinatsekedwa. Anthu atabwerera, ng'ombe zinayamba kuchulukanso pang'onopang'ono. Ng'ombe imabereka chaka ndi chaka ikasamalidwa. Koma kuti mwana achoke kalasi 1 mpaka kukhala dokotala wa zinyama pamafunika zaka zosachepera 17. Ng'ombe zathamanga, anthu ozisamalira atsalira.

Mfundo imene yatimanga

Tsopano tibwerere kwa mdzukulu uja, pakuti mtima wa nkhaniyi uli pamenepo.

Mwana amene amadziwa ng'ombe kuposa onse ndi amene amakhala nazo kudambo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Amadziwa imene yasiya kubzikula. Amadziwa imene ikufuna nkhunzi. Amadziwa udzu umene umatupitsa mimba. Maso amenewa ku yunivesite sagulitsa. Koma mwana yemweyu ndi amene sapita ku sukulu, chifukwa cha ng'ombe zomwezo. Ndiye ku sukulu ya ziweto kumafika mwana wa m'tauni amene sanagwirepo mchira wa ng'ombe, pamene wodziwa uja akukalamba ndi chikwapu m'manja. Sitikunyoza mwana wa m'tauni. Aphunzire, timufuna. Koma ife tadzimanga tokha.

Ndipo njira yachidule palibe. Mwana wa kalasi 3 sangalumphe n'kukagwera ku Instituto Agrário chifukwa choti amadziwa ng'ombe. Adzafunsidwa satifiketi. Adzafunsidwa Chipwitikizi, pakuti mabuku ndi mayeso ndi a Chipwitikizi. Adzafunsidwa masamu. Lamulo la maphunziro la 2018 likuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9. Pulayimale tsopano ndi makalasi 6, kenaka sekondale. M'mera mpoyamba, abale. Dokotala wa ng'ombe amatayika ali ndi zaka 9, tsiku limene atate ake amati, "Lero usapite, ng'ombe zilibe munthu."

Atsikana nawo timawataya mwa njira ina. Timati ng'ombe ndi za amuna. Koma ku sukulu zimenezi atsikana aliko, ndipo akutsiriza. Amayi ena m'kalasi anaseka, amati, "Mtsikana angagwetse nkhunzi?" Tinawayankha kuti nkhunzi siigwetsedwa ndi mphamvu. Imagwetsedwa ndi chingwe chokulunga mwaluso. Ndiponso amene amanyamula mtolo wa nkhuni kuchokera ku phiri asatiuze kuti alibe mphamvu.

Za ndalama sitibisa. Sekondale ili kutali ndi midzi yambiri. Pafunika malo ogona, chakudya, makope, ndalama zolembetsera mayeso, ulendo. Thandizo lolipirira maphunziro lotchedwa bolsa lilipo, koma silikwanira onse, ndipo limafuna mwana wokhoza bwino ndi mapepala okwanira. Choncho kalata ya kubadwa ya mwana ndi chiphaso chake musazengereze nazo. Ambiri amakumbukira mayeso atafika. Chilengezo cha mayeso olowera chimatuluka chakumapeto kwa chaka, ndipo chimanena maphunziro, malo ndi masiku. Aphunzitsi a sekondale amachidziwa. Afunseni.

Sitikulonjezanso kuti aliyense wotsiriza adzalembedwa ntchito ndi boma. Ena amadikira. Koma amene waphunzira za ziweto sakhala manja lende ngati ali kumudzi. Angathe kuweta nkhuku za mazira, kunenepetsa mbuzi, kutsegula kasitolo ka mankhwala a ziweto kovomerezeka, kumene mlimi adzayamba wafunsidwa kuti chiweto chikudwala chiyani asanatulutse ndalama. Kasitolo kotere kakanakhalapo pafupi, bwenzi ngolo ya bambo aja ikuyenda.

Ena amati, "Ndigulitse ng'ombe chifukwa cha sukulu? Nanga akakalephera?" Funso limeneli ndi lolemera, ndipo ife sitingakuyankhireni. Ng'ombe ndi yanu. Tingokumbutsa kuti ija inafa mu Febuluwale sinalipirire mwana aliyense.

Zimene mudzi uja unachita

Tinabwerera ku bwalo lathu ndi mayankho amenewa. Tinakambirana masana awiri athunthu. Mawu anakwera. Bambo wina anati, "Inu aphunzitsi mulibe ng'ombe, n'chifukwa chake mukulankhula mopepuka." Ananena zoona, tilibe. Tinangoti, "Bambo, ndiye tiuzeni inu eni ng'ombe, tichite bwanji kuti ng'ombe zidye, mwananso aphunzire?"

Amene anamasula mfundo ndi agogo ena aakazi amene nthawi zambiri salankhula. Anati kale ng'ombe za mudzi zinkapita kudambo pamodzi. Bwanji lero khola lililonse likufuna mwana wakewake? Mabanja asanu ali ndi ng'ombe 23. Kodi ng'ombe 23 zifuna ana asanu?

Anagwirizana motere. Ng'ombe za mabanjawo zizipita pamodzi. M'mawa azibusa munthu wamkulu, banja lililonse tsiku lake. Ana akaweruka ku sukulu azikalandira. Masiku a banja lililonse tinawalemba pa pepala, ndipo amene analemba ndi ophunzira athu omwe, ndi manja awo. Anagwirizananso kuti akakolola asatenthe mapesi a chimanga ndi zotsala za nyemba, koma aziunjike pa thandala kuti zidzathandize m'chilimwe msipu ukauma.

Sizinayende zonse bwino. Banja limodzi linatuluka patatha milungu itatu. Linati ng'ombe zawo zikutenga nkhupakupa kwa zinzake. Dandaulo limeneli si lopusa. Ng'ombe zikamadyera pamodzi ziyeneranso kusambitsidwa pamodzi, tsiku limodzi, apo ayi wosambitsa amagwirira ntchito wosasambitsa. Nkhani ya kusonkha ndalama za mankhwala opopera ikadali pa bwalo mpaka lero. Mabanja anayi akupitiriza.

Mdzukulu uja anabwerera ku sukulu. Ali kalasi 3, pakati pa tiana tofika m'chiuno mwake. Mlungu woyamba anathawa kawiri chifukwa cha manyazi. Agogo ake anamuperekeza okha mpaka pakhomo la kalasi, namuuza kuti, "Ine wa imvi ndikukhala pa benchi masana, iwe ukuopa chiyani?" Kaya adzafika ku Fonte Boa, kaya ku Ulóngue, kaya ku Maputo, zili patali. Pakali pano akulimbana ndi kuchulukitsa ndi 7. Amayi awiri a m'kalasi mwathu apereka maina awo kwa mlangizi kuti adzaphunzire kutemera nkhuku.

Kabotolo kaja bambo aja anatisiyira. Kali pa zenera la kalasi, ndipo wophunzira watsopano aliyense timamuyesa nako. Lachinayi likudzali aliyense abwere ndi botolo kapena paketi ya mankhwala a ziweto imene ili m'nyumba mwake, ngakhale yotha. Tidzayamba ndi kufunafuna liwu lakuti validade, kenaka tidzaona kuti mankhwalawo ndi a chiweto chanji.